Galimoto Yotuwa ndi Katundu Wake

Lolemba, 3 Marichi

Yofiira yapita. Wogula anabwera m'mawa ndi chilole chonyamula magalimoto. Sanailize n'komwe, anachita kuikoka ndi chingwe. Galimoto imene yakhala ikudzutsa msewu wathu wonse Loweruka lililonse yachoka mwakachetechete ngati wakuba nkhuku.

Pabwalo patsala banga la oyilo, kukula ngati mphasa. Ndathirapo mchenga.

Amuna anga anaima pageti mpaka chilole chinakhota. Polowa anati, "Basi mayi, mwapambana." Wapambana ndi dokotala.

Ndilembe zonse, poti mtima ukakhala pansi munthu amaiwala. Okutobala, ku bwalo lakale la ndege kumene gulu lawo limathamangitsira magalimoto. Anamaliza ulendo wawo, anaimitsa, osatuluka. Amene anawasolola pampando ndi mnzawo wowotcherera zitsulo, a Magalasi. Mtima. Kuchipatala anawaika kapaipi kakang'ono mumtsempha. Munthu wokonza mipope moyo wake wonse, lero naye ali ndi paipi m'kati. Nthabwala imeneyi ndi yawo, amauza aliyense wobwera kudzawaona. Ine sinandiseketsepo.

Mawu a dokotala: kuyendetsa mwaulemu, inde. Za liwiro, ayi, mpaka kalekale. Analonjeza, ine ndili pompo, mwana wathu ali pompo, asanabwerere kukoleji.

Lero ndadya bwino. Mapewa atsika.

Lachitatu, 5 Marichi

Ntchito ya makatani kuseri kwa sukulu, nyumba ya mazenera ambiri. Mayi wake akufuna obiriwira, bambo wake akufuna otchipa. Ndayeza, ndabwerako. Akhala obiriwira.

Yotuwa ndiye galimoto. Ndodo za makatani zimalowa zonse, makwerero, mipukutu ya nsalu, mashini aang'ono osokera, chitseko chakumbuyo n'kutsekeka bwinobwino. Amuna anga ndi amene anaisankha mu Novembala atangotuluka m'chipatala. Anati, "Ya banja iyi, yaulemu. Muziyendera inu, ine ndapuma." Mtundu wa phulusa, yaitali kumbuyo, yosintha yokha magiya. Poimika magalimoto ndimavutika kuipeza, imafanana ndi zonse. Tsiku lina ndinalimbana ndi chitseko cha galimoto ya eni, mwini wake ali m'kati akudya nthochi.

Vuto limodzi: imamwa. Wothira mafuta anayamba kundipatsa moni ngati mbale wake. Ndikadandaula kunyumba, akuti ndi makwerero, akulemera. Makwerero onyamula ndi dzanja limodzi.

Iwo kuntchito amapita pa vani ya kampani, woyendetsa ndi wina. Yotuwa amangoitsuka. Amaitsuka bwino kwambiri. Mwina mopitirira.

Loweruka, 8 Marichi

Loweruka loyamba lopanda phokoso. Ndinamva mbalame. Kani kuno kuli mbalame.

Mpope wa kukhitchini wakonzedwa, umene wakhala ukudontha kuyambira mwana ali kusekondale. Anasintha kamphira kamodzi basi. Ndinangoyang'ana kumbali.

Masana onse pa foni, gulu lawo la magalimoto. Kuseka, kenako kukwinya nkhope, kenako kulemba ndi zala ziwiri ngati akupha nsikidzi. Ndinafunsa. Akuti, "Mtsutso chabe wa anyamata." Anyamata a imvi. Asiyeni atsutsane, mtsutso ulibe matayala.

Lachiwiri, 11 Marichi

Ndadziwa.

Tayala lakumbuyo linaphwa pang'ono, ndinakhotera kwa wogulitsa matayala pafupi ndi maloboti. Kani mwini wake ndi wa gulu lomwelo, amene amamutcha Loya, osati chifukwa cha sukulu koma pakamwa. Moni anayamba kupatsa galimoto, ine pambuyo. Anagwada patayala. "Alamu, ndiye imeneyi? Yamilandu ija?"

Milandu yanji?

Anatsegula boneti. Antchito ake onse anasiya zimene ankachita, wina mpaka anavula chipewa. Injini yodzaza malo onse, posowa poponya singano. Anandionetsa mabuleki, aakulu ngati mbale zodyera alendo, ndi mapaipi awiri a utsi obisika pansi pa bampala. Akuti fakitale inapanga zochepa chabe za mtundu umenewu: thupi la galimoto yopitira kumsika, injini ya mpikisano. Akuti yofiira ija ikanangoiona kumsana.

Ine miyezi yonseyi ndikuinyengerera pamahampu, kuopa kuti ingatope.

Zoterezi amazitcha zogona. Galimoto yooneka ngati ilibe kanthu, yoti mnzako pamaloboti sakuyang'ana kawiri, koma ikadzuka wasiyidwa. Gulu lawo lili ndi tsiku la zogona zokhazokha, Loweruka lomaliza la mwezi uno, ku bwalo la ndege lomwe lija. Amuna anga alembetsa yotuwa. Mtsutso wa pafoni uja ndi woti, kodi galimoto yochoka kufakitale ili kale yothamanga ingawerengedwe ngati yogona? Kapena yogona ndi yokhayo imene munthu wadzipangira ndi manja?

Loya ali mbali ya amuna anga. Anayembekezera kuti ndimuthokoze.

Pobwerera ndinayendetsa ngati ndanyamula mazira. Pakhomo ndinakhala kaye m'galimoto, manja pachiwongolero.

Lachitatu, 12 Marichi

Ndinadikira adye, amwe mapiritsi. Kenako ndinafunsa ngati makwerero aja akulemerabe.

Anazindikira pomwepo. Kukanda khosi. Zimene ananena, mwa dongosolo lake: sananame, ndi galimoto ya banja ndithu, ili ndi mipando isanu. Analonjeza kusiya mpikisano, inde, koma uwu si mpikisano weniweni. Kamtunda kowongoka, kopanda kona, kamatha munthu asanamalize kutsokomola. Muli mphepo yozizira m'kati, palibe ndi kutuluka thukuta komwe. "Kuli ngati kupita kogula buledi, mayi, kungoti mwachangu."

Ndinawakumbutsa kuti mu Okutobala munalibenso kona.

Anakandanso khosi.

Kenako okha: "Komanso musavutike, Magalasi akukana. Akuti yogula si yogona." Ananena mowawidwa mtima, ngati ndiwathandize kudandaula.

Mulungu adalitse a Magalasi, ndi ana awo, ndi zitsulo zawo. Ndapuma.

Mwana sindimuuza. Ali ndi mayeso.

Lachisanu, 14 Marichi

Poti chinsinsi chatuluka, tsopano akundiwerengera mtsutso wonse pa tiyi wam'mawa. Ndasanduka khoti losapempha.

A Magalasi: yogona ndi ntchito ya manja. Umatenga chigalimoto chakutha chimene aliyense wachitaya, n'kuchibisira mphamvu wekha, zala zikuchucha magazi. Yakufakitale munthu wodziwa magalimoto amaizindikira ali patali, mabuleki amaiulula. Ndi galimoto yothamanga yovala suti yotuwa, basi. Wogula keke sanena kuti waphika.

Loya: chofunika si amene anabisa, koma kuti chabisika. Wosiyidwa pamaloboti safunsa kuti injini anaika ndani. Ndipo ngati nkhani ndi ya kuzindikirika, pikapu ya a Magalasi imamveka ili kuseri kwa phiri, agalu amayamba kuuwa isanafike.

Wina, dalaivala wa basi wopuma ntchito: kwa munthu wosadziwa zonse n'zogona, kwa munthu wodziwa palibe yogona. Ameneyu ndiye ananena zanzeru, n'chifukwa chake palibe anamuyankha.

Lamulo limodzi lokha ndi limene onse amagwirizana. Yogona iyenera kukhala galimoto ya ntchito, ndipo imathamanga ndi katundu wake wa tsiku ndi tsiku, osatsitsa kanthu. Wa buledi ndi mathireyi ake, wa magetsi ndi mawaya ake. Ndiye kuti amuna anga akufuna kukathamanga ndi makwerero anga, mashini anga, ndi makatani a eni. Kaya amati andiuza liti.

Maganizo anga, poti palibe wandifunsa: ndasoka makatani okwanira kudziwa kuti wogula osokedwa kale ndi wodzisokera yekha, onse amagona mumdima umodzimodzi. Koma sindinena. Mbali yanga ndi ya a Magalasi, kaya akulondola kaya ayi.

Lolemba, 17 Marichi

Ndinapeza chifukwa: tizitsulo togwirira ndodo za makatani, tothyoka. Ndinapita nato kwa a Magalasi.

Shedi ya malata, fungo la chitsulo chopsa, wailesi yopanda chivundikiro. Pikapu yawo pakona: dzimbiri, chitseko chimodzi cha mtundu wina, kumbuyo jenereta ndi geti losamaliza, zomangidwa ndi unyolo. Ndikanaipeza pamsewu ndikanaimvera chisoni. Akuti injini yake inachoka m'galimoto ya akuluakulu imene inagubuduzika.

Anawotcherera tizitsulo osafunsa kanthu. Atakweza magalasi awo pamphumi anati, "Mlamu, simunabwerere tizitsulo."

Ndinawapempha asasinthe maganizo. Anati sangasinthe, yogula si yogona ngakhale mutawadzutsa ali mtulo n'kuwafunsa. Kenako anatsitsa mawu. "Komanso tsiku lija ndinamunyamula ine. Ndi wolemera mwamuna wanu. Msana wanga sungabwerezenso."

Choipa: akuti ambiri akupendekera kwa Loya. Theka la gulu latopa ndi kugona pansi pa magalimoto, mawondo atha, akufuna zogula nawonso. Lamlungu avota. Akumana kwathu, poti umboni uli pabwalo pathu.

Ya tizitsulo anakana kulandira.

Lachinayi, 20 Marichi

Chipewa chawo cholimba cha mpikisano chatsika pamwamba pa wadiropu. Chapukutidwa. Chili pampando kuchipinda, chikundiyang'ana.

Ndasoka mpendero umodzi kawiri, konse mokhota.

Ndaganiza zobisa makiyi. Zothira shuga m'thanki. Zoimbira dokotala, zoimbira mwana. Koma mwamuna wa msinkhu wake summanga ndi chingwe. Ukamuletsa ngati mwana, amakachita ngati mwana.

Galimoto nayo ndikuiona mwina tsopano. Ndikamaiyendetsa ndimaponda ndi nsonga ya chala, ngati ndikudutsa pafupi ndi galu wa eni.

Lamlungu, 23 Marichi

Ndiyambe ndi mapeto: sathamanga.

Anabwera masana, gulu lonse, mipando ya pulasitiki mozungulira yotuwa. Ine pakhonde ndi mashini, kusoka pang'onopang'ono kuti ndimve. Tiyi ndinapereka, ndi mabisiketi a alendo.

Anabwereza zomwe zija, mokweza. A Magalasi anazungulira galimoto, kuloza mabuleki ndi phazi. Loya analankhula mpaka ntchentche inamira mu tiyi wake.

Kenako amuna anga anaimirira. Anakonzekera, ndinaona, anavala malaya a kolala. Anati umboni wawo si mabuleki, ndi awo ali pakhondewo. "Mayi awa ayendetsa galimoto imeneyi tsiku lililonse kuyambira Novembala. Ine sindinaiyendetseko ngakhale kukafika pamsika. Kuntchito ndi iwo, kutchalitchi ndi iwo, makwerero ali kumbuyo. Ndipo sanadziwe kanthu mpaka Loya atayabwa pakamwa. Galimoto yopusitsa woiyendetsa yemwe, mukuti si yogona?"

Onse kutembenukira kwa ine. Kuwomba m'manja. Ndasandutsidwa umboni wa umbuli, pakhonde langa lomwe, atamwa tiyi wanga.

Anakweza manja. Mbali ya Loya yapambana, kutali. Singano inandibaya, sindinamve.

A Magalasi sanakweze mawu. Anati avomera, gulu lalankhula, yotuwa ndi yogona. Anangofunsa mwaulemu ngati amva bwino kuti mnzawoyo sanaiyendetsepo. Amuna anga, monyada: ngakhale kamodzi. A Magalasi anati ndiye palibe vuto, lamulo la katundu ndi lodziwika. Katundu woyamba wa galimoto ya ntchito ndi munthu amene amakhala pampando tsiku ndi tsiku. Anawakumbutsa za vani ya buledi chaka chatha: mwini bekale anaonerera ali kumpanda, anathamanga ndi dalaivala wogawa buledi. Ndipo amene anaumirira zimenezo, mpaka kumenya tebulo, anali amuna anga omwe. "Ndiye Loweruka tikumana ndi mlamu. Iwe ubwere ndi mpando."

Loya anatsegula pakamwa, anatseka. Akuti n'koyamba.

Ndinalowa m'bafa kukaseka, mpope uli wotsegula kuti asamve. Kenako ndinapeza kuti ndikulira.

Lolemba, 24 Marichi

Ndadzuka wopepuka ngati nsalu ya neti. Ndinaimba nyimbo posita.

Iwo sakuyankhula. Adzitchera okha msampha, n'kuupondanso okha, ndiye palibe woti amukwiyire. Chakudya adya, mapiritsi amwa.

Ine kumeneko sindipita, n'zachidziwikire. Yotuwa ikhala pabwalo Loweruka. Nkhani yatha.

Lachitatu, 26 Marichi

Sinathe.

Dzulo amuna anga anadzuka msanga, anapukuta makwerero, anati andiperekeze kwa makasitomala. "Muzipumako kuyendetsa, mayi, mumatopa." Chikondi chadzidzidzi. Ndinaganiza pang'ono chabe. Tsiku lina la zogona lili mu Juni. Akayamba kuyendetsa tsiku ndi tsiku kuyambira pano, katundu woyamba adzakhala iwo.

A Magalasi nawo sakuthandiza. Alemba pagulu kuti yakufakitale yapambana pa manja okweza, koma pabwalo sidzaoneka, monga zogula zonse. Bambowa nkhope ngati wodwala dzino.

Ndinawayang'ana akupukuta nyali za galimoto ndi kansalu, ndipo ndinamvetsa china. Kuthamanga akufuna, inde. Koma chachikulu, akufuna aone. Anagula chinthu, anachibisa miyezi, kuchitsuka, kuchisisita, osachionapo chikuchita zimene anachigulira. Mpaka ataona, mtima wawo wa paipiwo sukhala pansi.

Ndiye madzulo ndinaika mawu patebulo. Ndithamanga ine, kamodzi. Chipewa chichoka m'nyumba muno. Makiyi a yotuwa sadzakhudza dzanja lawo, kaya Juni kaya Disembala. Ndipo adzanena zimenezi pamaso pa gulu, poti za pamaso pa ine taona mmene zimathera.

Anati, "Mungathe?" Ndinati ngati ntchito yake ndi kuponda ndi phazi n'kusunga mzere wowongoka, ndimachita zimenezo pamashini tsiku lonse.

Anandionetsa kabatani ka liwiro pafupi ndi giya. Ine ndinkayesa n'kotenthetsera mpando.

Mwana ndamuuza tsopano, mayeso atha. Anaseka mpaka foni inagwa. Kenako anati bola ine kusiyana ndi bambo ake. Sindikudziwa ngati ndi chiyamikiro.

Lachisanu, 28 Marichi

Malangizo, malangizo. Osayang'ana mnzako. Osagwira chiwongolero ngati ukuchipotola khosi. Osavala nsapato zazitali, ngati ndinayamba ndavalapo. Ukadutsa mzere womaliza, mabuleki pang'onopang'ono, msewu ulipo wambiri. Abwereza mpaka ndinawatuma kukagula mkaka umene tili nawo kale.

Anayendera matayala, oyilo, madzi, malamba. Anayenderanso. Za iwo okha sanasamalepo chonchi.

Makatani obiriwira atha, koma mwini wake ali kuulendo mpaka sabata yamawa. Ndinati ndiwasiye m'nyumba. Akuti ayi, lamulo, osatsitsa kanthu.

Mantha ndili nawo. Komabe ndi mantha abwino kusiyana ndi a sabata yatha. Awa ali m'manja mwanga.

Loweruka, 29 Marichi

Tabwerako. Tonse awiri, ndi miyendo yathu. Chipewa chatsala komweko.

Ndilemba mawa.

Lamlungu, 30 Marichi

Bwalo lake: phula long'ambika, udzu m'ming'alu, mzere woyera wopaka ndi burashi. Magalimoto omvetsa chisoni ali pamndandanda ngati pogulitsira zakutha. Vani ya buledi ndi mathireyi ake. Kagalimoto ka mphunzitsi wina, makope a ana ali pampando wakumbuyo. Loya anayendera katundu wanga ngati wapolisi wa pamsewu: makwerero, ndodo, mashini, makatani. Amuna anga anali atamanga zonse ndi malamba, lililonse kulikoka mpaka kulira.

Tisanayambe anaima pakati pa anzawo n'kunena mawu aja. Onse anamva. Mawu ananjenjemera pang'ono chakumapeto. A Magalasi anayang'ana nsapato zawo.

Chipewa chinandikulira pang'ono, amuna anga anaikamo thaulo. Lamba wa pachibwano anandimangira okha, zala zili zozizira. "Mukaona kuti zakula, ingochotsani phazi. Palibe amene aseke."

Anandiika ndi pikapu ya a Magalasi, poti mlandu unali wa ziwirizo. Iyo ikugwedezeka, ikutsokomola, geti likulira kumbuyo. Yanga phee, ngati ili pamzere wa kubanki. Ndinadina kabatani. Mawu anasintha pansi pa mpando.

Wa mbendera anatsitsa dzanja. Ndinaponda mpaka pansi.

Kulemba kwake sindikudziwa. Mpando unandimenya kumsana. Ndodo zonse kumbuyo zinalira kamodzi n'kukhala chete. Mpanda, anthu, mitengo, zonse zinasanduka nsalu imodzi yokokedwa. M'mutu munalibe kanthu. Munalibe dokotala, munalibe mapiritsi, munalibe mtengo wa mafuta. Kuyambira Okutobala mutu wanga sunakhalepo wopanda kanthu.

Poyambira ndinawasiya. Ndinaona dzimbiri pagalasi, likuchepa. Chakumapeto kunabwera chiphokoso kumbali, pikapu inafika pazenera langa, inapitirira pang'onopang'ono, utsi wakuda, fungo la mphira. Anapambana, koma osati mokwanira kuti anyade.

Ndiye mtsutso uli pomwe unali. A Magalasi akuti taonani, manja aposa fakitale. Loya akuti taonani, mayi wa makatani, ulendo woyamba, wasiya katswiri poyambira, ndani akanaganiza, nanga yogona n'chiyani ngati si imeneyo? Dalaivala wa basi anangondipatsa botolo la madzi. Pikapu pobwerera inachita kukankhidwa, china chinaphulika m'kati. Yotuwa inatibweretsa kunyumba ndi mphepo yozizira, makatani osakwinyika n'komwe. Aliyense atolepo chimene akufuna.

Amuna anga ndinawapeza pampando wawo kumpanda, atatuwa kuposa galimoto. Poyambira anaona, akuti inanyamuka monga ankalotera. Mapeto sanaone, anatseka maso. Ndinawagwira pamkono kumva mtima: ukuthamanga, koma mwadongosolo. Sindinawasiye mpaka unatsika. Chipewa anakachipereka okha kwa dalaivala wa buledi.

Panjira anayankhula kamodzi kokha. "Kani kuonerera kumapweteka chonchi?"

Ndinati inde. Zaka zonsezi, inde.

Lachitatu, 2 Epulo

Makatani obiriwira apachikidwa. Mayi wake wakondwa, akuti agwa bwino. Sakudziwa kumene afika.

M'nyumba muli phee. Bambowa akonza thanki ya kuchimbudzi, ayamba kufunsa za mbewu za tomato. Dzulo kuchipatala namwino anayamikira, magazi akuyenda bwino. Pagulu alemba okha kuti kuyambira tsopano azigwira mbendera. Ndapeza zimene ndinkafuna, zonse.

Loya wandilowetsa m'gulu la pafoni osandifunsa. Akukamba kale za Juni. A Magalasi akuti ndinachedwa kuchotsa phazi pabuleki poyambira, ndikanachita msanga akanandiona kumsana kokha. Ndawerenga uthenga umenewo kangapo.

M'mawa pa tiyi amuna anga anandigwira dzanja. "Mayi, ndilonjezeni kuti simudzabwerezanso zija. Mtima wangawu sungathe." Sankaseka. Ndipo akunena zoona, ndinaugwira ndekha kumpanda kuja.

Ndinalonjeza. Mawu anatuluka bwinobwino, osanjenjemera. Anapuma mpweya wautali, anapempha tiyi wina.

Tsopano ndikudziwa mmene mawu amenewo amamvekera kwa wowanena.

M'gulu sindinatulukebe.